ULENDO WOKAONA NYAMA KU MAPIRI A VIPHYA

Kum'mawa kwa boma la Mzimba dziko limka likwera pang'ono pang'ono kufikira pa mapiri a Viphya. Mapiri amenewa ali ngati msana wautari wogona pakati pa chigwa cha mtsinje wa South Rukuru ndi Nyanja ya Malawi, ndipo malo ambiri a pamwamba pache apitirira mamita 1,500 kuyambira pa madzi a nyanja yamchere. Chifukwa cha kukwera kumeneku kuli mphepo yozizira. M'miyezi ya June ndi July nkhungu igona m'zigwa kufikira dzuwa litakwera, ndipo masiku ena m'madambo mugwa chisanu chofotetsa udzu.

Chaka ndi chaka, makamaka mvula itatha, kumapiriko kufika alendo a pa magalimoto. Ena achokera ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ena ku South Africa, ena kutsidya kwa nyanja yamchere. Safuna matabwa kapena makala, sagula fodya kapena ng'ombe. Asiya mseu waphula, nalowa m'tinjira tapfumbi ta m'nkhalango, nayenda tsiku lonse kuti aone mitengo, mbalame ndi nyama. Madzulo abwerera chimanjamanja, koma okondwa. Ana a m'midzi ya m'mbali mwa mseu azizwa nazo, nafunsana chifukwa chache munthu wa nzeru zache atha mafuta ndi ndalama kufunafuna nyani, nyani yemweyo amene iwo atandala tsiku lonse kumpirikitsa m'munda wa chimanga. Funsolo nlabwino, ndipo kuyankha kwache kuyambira m'mbiri ya dziko lomwelo.

Angoni a Zwangendaba anaoloka mtsinje wa Zambezi m'chaka cha 1835, tsiku limene kadamsana anaphimba dzuwa, ndipo zitapita zaka zambiri za ulendo ndi nkhondo, ena a iwo anakhazikika m'dziko la Atumbuka pansi pa Inkosi M'mbelwa. Masiku amenewo m'thengo la Mzimba munali njati, nchefu, mikango, ndi njobvu, zimene Atumbuka azichula zovu. Amuna analikupita ku uzimba ndi agaru, nthungo ndi zibonga, ndipo zikopa za nyama zinali zobvala za ulemu, monga zionekera kufikira lero pa gule wa ingoma. Ngakhale m'masiku a Donald Fraser, wa Mishoni amene anakhala ku Loudon, ndiko ku Embangweni, kuyambira chaka cha 1902, munthu wa pa ulendo sanalikugona kuthengo wosasonkha moto, kuopa zirombo.

Nyama zazikuru zija zinatha, koma si tsiku limodzi iai. Osaka minyanga anapha njobvu ndi mfuti. M'zaka za 1892 ndi 1893 mliri wa ng'ombe unatsika kuchokera kumpoto, nupha ng'ombe zosawerengeka, nuphanso njati ndi nchefu pamodzi nazo. M'chaka cha 1904 dziko la Angoni linalowa m'ulamuliro wa Boma la Angelezi. Nkhondo zitaleka, anthu anachuruka, midzi inabalalika, ndipo minda inalowa m'malo amene kale munali nyama zokha. Panalibe woganiza kuti zinthu zochuruka chotero zingathe.

Kwao kwa alendo ambiri aja zimenezi zinachitika kale lomwe. M'dziko la Britain munali zimbalangondo ndi mimbulu yolusa, koma zonse zinatha zaka mazana zapitazo, kotero kuti mwana wa kumeneko aziona m'zithunzi, kapena m'khola lazitsulo. Ndicho chifukwa chache mbawala imodzi yoimirira pambali pa njira iri chinthu cha mtengo kwa munthu wotero, ndipo sadandaula kuiyendera ulendo wautari.

Njira za m'nkhalango sizilola galimoto iri yonse. Galimoto wamba iri ndi magudumu anai, koma awiri okha ndiwo alandira mphamvu ya injini, enawo angotsata. Pa mseu waphula awiriwo akwanira. Koma pamatope gudumu likayamba kuterereka lingozungulira pamalo pamodzi, nilidzikumbira dzenje, ndipo galimoto ititimira kufikira mimba yache yagona pansi. Chifukwa chache amisiri anapanga galimoto yakuti injini yache itumize mphamvu ku magudumu onse anai, kuti awiri akaterereka, awiri enawo akoke. Asilikari a ku America anayenda ndi galimoto yotere, dzina lache Jeep, m'nkhondo yaikuru ya 1939 mpaka 1945. M'chaka cha 1948 ku England anayamba kupanga ina, dzina lache Land Rover, imene inagwira nchito zaka zambiri m'dziko la Malawi, kunyamula anthu a Boma, a chipatala ndi a Mishoni m'njira zoipa. Masiku ano zambiri zotere zichokera ku Japan. Zonse ziri ndi mimba yokwezeka, kuti ingakhule pa miyala ndi pa zitsa.

Komatu galimoto yamphamvu siithandiza munthu wopanda nzeru. Dothi la ku Viphya, mvula ikagwa, literera ngati therere. Woyendetsa wodziwa nchito yache aika giya yamphamvu yoyenda pang'onopang'ono, nakwera chitunda monga ikwerera ng'ombe yokoka ngolo, wosathamanga ndi wosaima. Atenga khasu, nkhwangwa, chingwe cholimba, jeke, gudumu lapadera ndi madzi akumwa, pakuti mtengo ukagwa chopingasa njira palibe wina woudula koma iye yekha. Akafika pa kamtsinje kopanda ulalo atsika, nayesa madziwo ndi ndodo asanalowetse galimoto. Akafika pa ulalo wamatabwa ayamba aona ngati matabwawo sanaole. Pokhota ayenda mochenjera, popeza m'njira zomwezo mudutsa malole olemera ndi mitengo, ndipo lole yotsika phiri siima msanga.

Pali lamulo limodzi loposa onsewa, ndilo lakuti galimoto isapatuke m'njira. Alipo ena amene akaona dambo lasee alowamo, kufuna kuonetsa mphamvu ya galimoto yao. Kutero nkupusa. Dambo ndilo nkhokwe ya madzi: limwa mvula ya dzinja, niliitulutsa pang'ono pang'ono m'chirimwe, ndipo mitsinje siiphwa chifukwa cha ilo. Gudumu likang'amba udzu wache lisiya mizere iwiri. Mvula itsata mizereyo, niikumba, ndipo zitapita zaka zowerengeka pamene panali udzu pali chigwembe chakuya, ndi dambo louma. Galimoto inadutsa kamphindi, koma bala lache likhala chikhalire.

Wochokera pa boma la Mzimba ayamba kufika m'nkhalango ya Perekezi, imene Boma linaipatula kale, m'masiku a Angelezi. Iyi ndi nkhalango ya mitengo yachibadwidwe ya dzikolo: mombo, msuku, mlombwa, muwanga ndi inzache. Mitengoyi siitalika kwambiri, ndipo siithinana. Dzuwa lilowa pakati pache, udzu numera pansi. Cha m'mwezi wa September, mvula isanagwe konse, mitengo ya mombo iphuka masamba atsopano ofiira, ena ngati mwazi, ena ngati mkuwa, kotero kuti phiri lonse lioneka ngati lirikuyaka. Zitapita sabata zowerengeka masambawo asanduka obiriwira. Alendo ena adzera chimenechi chokha. M'dzinja pansi pa mitengo yomweyi pamera bowa, amene akazi amgulitsa m'mbali mwa mseu waukuru wa M1, ndipo bowa ameneyu samera m'munda kapena pa chitsa cha mtengo wodulidwa, pakuti moyo wache uli pa mizu ya mtengo wamoyo. M'nthambi mupachikidwa ming'oma ya njuchi, ndipo nsadzu, kambalame kotsogolera anthu ku uchi, kalira kauluka mtengo ndi mtengo. Mtsinje wa Mzimba utenga madzi ache m'mapiri omwewa, ndiwo madzi amene anthu a pa boma amwa.

Kuchoka pa mseu wa M1 kuli njira yapfumbi yolowera kum'mawa, makilomita ngati 10, yofika ku Luwawa, kumene kuli damu ndi nyumba yogona alendo. Kumeneko dziko lisandulika, pakuti mlendo alowa m'nkhalango yobzalidwa ndi manja a anthu. Mitengo yache ndi paini, ndipo mtundu wochuruka kwao nku Mexico. Kuyambira chaka cha 1964 Boma linabzala mitengo imeneyi pa Viphya, ku Luwawa, ku Chikangawa ndi malo ena, kufikira inakwana mahekitala 53,000. Inali imodzi ya nkhalango zobzalidwa zazikuru koposa mu Africa. Cholinga chinali chakuti ku Chintheche, m'mbali mwa Nyanja, kumangidwe nyumba ya makina ophwanya mitengoyo kuti ikhale mapepala, koma nyumbayo siinamangidwe. Mitengo inakula, nisanduka ya matabwa. M'chaka cha 1999 kampani ya Raiply inalandira mahekitala 20,000 kuti iwasamale ndi kuchekamo. Mbali yaikuru ya yotsalayo inadulidwa mofulumira koposa kubzala kwache, ina inapsya ndi moto, ndipo mapiri ambiri anatsala ndi zitsa zokha.

Mlendo wochenjera akaimitsa galimoto pakati pa paini, nazimitsa injini, amva mphepo yokha irikulira m'nsonga za mitengo. Pansi pali masamba ache onga singano, oyalana ngati mphasa. Udzu sumera bwino, zipatso palibe, ndipo chifukwa chache mbalame ndi nyama ziri zowerengeka. Nkhalango yotere ndiyo munda wa matabwa, ndipo matabwa ali ndi nchito yache, pakuti denga la sukulu ndi mabenchi ache achokera kumeneko. Koma nyama siidya thabwa. Tsono akatsikira m'kachigwa m'mene mitengo yakale inasiyidwa, zonse zisintha. M'menemo muli mdima ndi chinyontho chaka chonse. Mitengo yaitari yosayoyoka masamba ikumana pamwamba, zingwe za mitengo zilendewera, ndere zikuta makungwa, ndipo kamadzi kozizira kayenda pansi pa miyala. Ndimo mukhala nchima, pusi wakuda wa m'nkhalango zowirira, amene satsika pansi kawirikawiri. Ndimonso mulira nkulukulu, mbalame yobiriwira ya tsumba pamutu, imene ithamanga pa nthambi ngati gologolo, ndipo ikatambasula mapiko aoneka ofiira ngati moto. Ku Eswatini, kufupi ndi kumene makolo a Angoni anachokera, nthenga zofiira za mbalame ya mtundu umenewu zibvalidwa pamutu ndi a banja lachifumu.

Kuona nyama ndi luso, ndipo chiyambi chache ndicho kudziwa nthawi. Dzuwa liri pamutu nyama zigona mumthunzi, ndipo woyenda nthawi imeneyo angotha mafuta. Nthawi yabwino ndiyo mbandakucha ndi chakumadzulo. Pamenepo gwape atuluka kudzadya m'mbali mwa njira, ndipo akadzidzimuka adumphira m'chitsamba chamutu, ngati munthu wodziponya m'madzi. Mbawala ikonda zitsamba za m'mbali mwa mtsinje. Iri ndi mawanga oyera m'ntchafu, yamphongo yokha ndiyo iri ndi nyanga, ndipo ikaopsedwa iuwa ngati garu. M'madambo mupezeka mphoyo, imene iliza mluzu pothawa. Pa damu la Luwawa wokhala chete angaone katumbu alikusambira, kapena nkhwazi irikutsika kudzagwira nsomba. Nyani okha ndiwo sabvuta kuwaona, pakuti akhala pamseu penipeni ngati eni ache.

Chodabwitsa nchakuti nyama zambiri siziopa galimoto monga ziopera munthu woyenda pansi. Munthu wa miyendo iwiri zimdziwa kuyambira kale kuti ndiye mwini nthungo ndi msampha. Koma galimoto yoyenda pang'onopang'ono ziiyang'ana, nizipitiriza kudya. Chifukwa chache woona nyama akhala m'kati, satulutsa mutu ndi manja, sapfuula, samenyetsa chitseko. Akafuna kuyenda pansi ayenda moyang'anana ndi mphepo, kuti pfungo lache lipite kumbuyo kwache, ndipo sabvala nsaru yoyera yoonekera patari. Atenga magalasi oonera patari ndi kamera. Saponyera nyani chakudya, pakuti nyani wozolowera kulandira kwa anthu ayamba kulanda, ndipo mapeto ache aphedwa.

Nyama zina sizioneka ngakhale munthu ayende mwezi wathunthu, koma zilemba mbiri yao papfumbi la njira usiku uli wonse, ndipo wodzuka mamawa, malole asanadutse, angathe kuiwerenga monga awerengera buku. Phazi la kambuku ndi lozungulira, lopanda zikhadabo, popeza iye abisa zikhadabo zache poyenda monga achitira mphaka. Phazi la fisi lionetsa zikhadabo monga la garu. Pamene nthaka yatembenuzidwa ngati panadutsa khasu, panadya nguluwe. Munga wautari wa mizere yakuda ndi yoyera wagwa kwa nungu. Chombwe ali ndi malo amodzi ochitirapo chimbudzi, ndipo poona nthanga za m'menemo munthu adziwa zipatso zimene zapsya m'nkhalango.

Pa nchito imeneyi mwana wa kumudzi aposa mlendo wophunzira kwambiri. Mbusa wa ng'ombe wa ku Mzimba, amene wakula alikuona mapazi a nyama ndi kumva kulira kwa mbalame, aona gwape pamene mlendo aona chitsa chabe. Buku la Genesis linena kuti munthu woyamba anapatsidwa nchito yakucha nyama ndi mbalame zonse maina ao, ndipo kumidzi nzeru imeneyi ikalipo mwa akuru ndi abusa. Nyumba zogona alendo ndi malo osungira nyama zilemba nchito anthu otere kuti atsogolere alendo; kuchokera ku Luwawa ena atsogolera alendo ulendo wapansi wa masiku angapo, kutsika mapiri kufikira ku Nyanja. Amene adziwa dzina la mbalame m'Chitumbuka, m'Chichewa ndi m'Chingelezi, nadziwanso pamene imanga chisa ndi mwezi umene iikira mazira, ali ndi chuma chimene sanachigule.

Nyama zotsalazi ziri ndi adani atatu, ndipo wamkuru wa iwo ndiye moto. Kamnyamata kofuna mbewa kayatsa udzu m'mwezi wa October, pamene zonse zauma ndi mphepo irikuomba. Kapha mbewa khumi, koma moto umka, nudya phiri lonse, ndi tiana ta gwape, ndi mazira a nkhwali ndi a nkhanga, ndi timitengo tobzalidwa chaka chatha, nunyambita m'mphepete mwa nkhalango yowirira ija, kuichepetsa chaka ndi chaka. Wachiwiri ndiye msampha wawaya, umene susankha: wocherayo afuna nguluwe, koma ukola chiri chonse chodutsa, ndipo kawirikawiri mwini wache saubwerera, nyama niiolera pomwepo. Wachitatu ndiye uvuni wamakala, umene walowa ngakhale m'Perekezi. Nzoona kuti wootcha makala achita chifukwa cha umphawi, ndi kuti ogula ache ali m'matauni. Koma mtengo wa muwanga umene unakula zaka zochuruka uthera m'matumba owerengeka, ndipo ukapita upita ndi bowa, njuchi ndi mthunzi wa kasupe. Lamulo la dziko liletsa kusaka m'malo otetezedwa, ndipo kuyambira chaka cha 2017 wopha nyama yosowa, monga njobvu, chipembere kapena ngaka, angathe kukhala m'ndende kufikira zaka 30.

Wofuna nyama zazikuru ayenera kutsika mapiri. Kumpoto, m'malire a Zambia, kuli malo osungira nyama a Vwaza, kumene mvuu zitandala m'nyanja yaing'ono ya Kazuni, ndipo m'chirimwe njobvu ndi njati zidza kudzamwa pamaso pa alendo. Kumwera, kupitirira Jenda, kuli nkhalango ya Kasungu, imene inakhala paki ya dziko m'chaka cha 1970. M'zaka za m'ma 1970 munali njobvu zoposa 1,000, koma opha nyama mobisa anazitha, kotero kuti m'chaka cha 2015 zinatsala ngati 50 zokha. M'chaka cha 2022 njobvu 263 zinatengedwa pa malole kuchokera ku Liwonde kudzaonjezera zotsalazo. Alendo anakondwa, koma m'midzi ya m'malire a pakiyo, m'Malawi ndi m'Zambia momwe, njobvu zinaononga minda, ndipo anthu ena anafa. Munthu woona njobvu ali m'galimoto ndi munthu woimva irikuthyola nkhokwe yache usiku sanganene mau amodzi, ndipo onse awiri anena zoona. Mlandu wa mipanda, ndi wakuti ndalama za alendo zifike kwa anthu okhala pafupi ndi nyama, ndiwo mlandu waukuru wa malo onse otere.

Pa Viphya mabvuto amenewa ngochepa, popeza nyama zache nzazing'ono ndi zamanyazi. Dzuwa likalowa kuzizira msanga, ndipo alendo ayatsa nyali za galimoto, nabwerera pang'onopang'ono. Imeneyi ndiyo nthawi ya nyama zausiku. Kalulu alowa m'kuunika, nathamanga patsogolo pa galimoto wosadziwa kupatuka, kufikira woyendetsa ataima ndi kuzimitsa nyali. M'nthambi muoneka timaso tiwiri tofiira ta changa, tirikulumpha mtengo ndi mtengo. Ndipo m'miyezi yoyandikira mvula, panjira penipeni pakhala lumbe, mbalame yausiku yodya tizirombo touluka. Yamphongo pa nyengo imeneyo imera nthenga yaitari pa phiko liri lonse, yoposa thupi lache lomwe; idikira kufikira galimoto yafika pafupi, pamenepo inyamuka, nthenga ziwirizo zirikukupiza pambuyo pache ngati nsaru zoyera, nikatera patsogolo pang'ono, m'njira momwemo.